Zitsime za ku Yucatán ndi Anthu Amene Akhala Akutsikiramo

Mlendo amene wafika lero pa Ik Kil, kufupi ndi mabwinja a mzinda wa Chichén Itzá m'dziko la Mexico, amayamba walipira pakhomo. Akatero amauzidwa kuti asambe kaye kuti achotse mafuta amene wadzola, kenako amatsika masitepe osemedwa m'thanthwe. Pansipo amapeza dziwe lozungulira, madzi ake ozizira bwino, mizu ya zomera ikulendewera kuchokera kumwamba ngati zingwe. Amasambira, amajambulitsa, n'kubwerera ku galimoto imene yamubweretsa. Ambiri mwa alendowa amachoka osadziwa kuti maiwe ngati limeneli ndiwo akhala akumwetsa anthu a m'derali kwa zaka zikwizikwi, ndipo mpaka pano akuwamwetsabe.

Maenje amadziwa amatchedwa cenote, dzina limene anthu a ku Spain anapotoza kuchokera ku mawu a Chimaya akuti dzonot. Kumpoto kwa chigawo cha Yucatán kulibe mtsinje woti munthu angaloze. Dziko lake ndi thanthwe la miyala ya laimu, ndipo mvula ikagwa madzi sathamanga pamtunda koma amalowa pansi nthawi yomweyo. Kwa zaka zosawerengeka madziwo akhala akudya mwalawo pang'onopang'ono mpaka kuboola mapanga ataliatali. Denga la phanga likapyapyala n'kugumuka, pamatsala dzenje loonetsa madzi a pansiwo. Maenje otere alipo zikwi zingapo, ndipo ambiri ndi olumikizana kunsi kwa nthaka.

Choncho kwa Amaya, amene moyo wawo unkadalira chimanga, malo omangapo mudzi ankasankhidwa ndi madzi. Dzina lenilenilo lakuti Chichén Itzá limatanthauza pakamwa pa chitsime cha Aitza. Mzindawu unali ndi zitsime ziwiri zodziwika. Pa Xtoloc anthu ankatunga madzi akumwa. Chinacho, chimene lero chimatchedwa Cenote Sagrado, chinali chopatulika. M'mimba mwake ndi mamita pafupifupi 60, ndipo kuchokera m'mphepete kukafika pamadzi pali phompho lopitirira mamita 20. Amaya ankakhulupirira kuti malo otere ndi khomo la dziko la mizimu komanso kwawo kwa Chaac, mulungu wa mvula. Chilala chikavuta ankapita kumeneko ndi nsembe.

Munthu amene anasiya mbiri ya nsembezi m'mabuku anali wansembe wa ku Spain, Diego de Landa. Uyu ndi yemwe uja anatentha mabuku a Amaya ku Maní m'chaka cha 1562 ponena kuti munali zausatana. Patapita zaka zochepa, cha m'ma 1566, analemba buku lofotokoza moyo wa anthu amene anawawonongera mabukuwo. M'menemo ananena kuti m'nthawi ya chilala anthu amoyo ankaponyedwa m'chitsime cha Chichén Itzá pamodzi ndi miyala yamtengo wapatali, ndipo anaonjezera kuti ngati m'dzikomo munali golide, wambiri ayenera kuti anali m'chitsimemo. Mawu amenewa anagona m'mapepala zaka pafupifupi 300 asanasindikizidwe.

Atasindikizidwa anakafika m'makutu a Edward Herbert Thompson, yemwe anali woimira dziko la America ku Yucatán. M'chaka cha 1894 Thompson anagula munda waukulu umene mkati mwake munali mabwinja a Chichén Itzá, ndipo mu 1904 anaimika makina m'mphepete mwa chitsime chopatulika chija n'kuyamba kuvuula matope ndi chidebe chachitsulo. Poyamba ankangotulutsa matope ndi masamba ovunda. Kenako munayamba kutuluka mibulu ya lubani, miyala yobiriwira ya jade, mabelu amkuwa, zosemasema zamitengo, nsalu, mbale zagolide ndi mafupa a anthu. Chidebe chitasiya kubweretsa kanthu, iye mwini anavala zovala zolemera za osambira pansi pa madzi n'kumatsikira mumdimamo, kumafufuza ndi manja.

Zimene anavuulazo zinasonyeza kuti Landa sananame, komanso zinawongola nthano ina imene inali itafala. Anthu ankakonda kunena kuti m'chitsimemo munkaponyedwa anamwali okhaokha, koma mafupa atapimidwa anapezeka kuti anali a amuna, akazi ndi ana, ndipo a ana ndiwo anachuluka. Golide nayenso sanali wa ku Yucatán. Anachokera kutali, kumaiko amene lero ndi Costa Rica, Panama ndi Colombia, umboni wakuti Amaya ankachita malonda ndi anthu a mitunda yaitali.

Koma chuma chimenechi sichinakhale ku Mexico. Thompson anatumiza chambiri mwakachetechete ku Peabody Museum, nyumba yosungiramo zinthu zakale ya pa yunivesite ya Harvard ku America. Nkhaniyi inaululika mu 1923 pamene mtolankhani Alma Reed anailemba m'nyuzipepala ya New York Times. Mu 1926 boma la Mexico linalanda munda uja n'kumuimba Thompson mlandu wakuba. Iye anamwalira mu 1935 mlandu usanathe, ndipo mu 1944 khoti lalikulu la dzikolo linagamula momukomera. Zina mwa zinthuzo zinabwezedwa patapita zaka, koma zambiri zinatsalira komweko.

Gulu lina la anthu otsikira m'zitsimezi linabwera ndi ntchito zokopa alendo. Boma la Mexico linayamba kumanga mzinda wa Cancún mu 1970 pamalo amene panali anthu ochepa kwambiri, ndipo posakhalitsa gombe lonse lakummawa linadzaza ndi mahotela. M'zaka za m'ma 1980 akatswiri osambira pansi pa madzi, atabereka masilinda a mpweya, anayamba kulowa m'mapanga a kufupi ndi Tulum. Ntchito imeneyi si yamasewera. M'phanga mulibe pothawira kumwamba, pakuti pamutu pali thanthwe, ndipo munthu akangovundula matope ndi phazi saonanso ngakhale dzanja lake. N'chifukwa chake amayenda akumangirira chingwe chowatsogolera pobwerera, ndipo pakhomo la mapanga ambiri pali zikwangwani zochenjeza aliyense wosaphunzira ntchitoyi kuti abwerere pomwepo.

Zingwe zimenezi ndizo zinathandiza kujambula mapu a dziko la pansilo. Mu Januwale 2018 osambirawa analengeza kuti apeza njira yolumikiza mapanga a Sac Actun ndi a Dos Ojos, ndipo onse pamodzi anakwana makilomita 347. Zaka zingapo izi zisanachitike, mu 2007, atatu mwa iwo anatulukira dzenje lalikulu lamdima limene analitcha Hoyo Negro. Pansi pake, pakati pa mafupa a nyama zimene zinatha kalekale padziko, panali mafupa a mtsikana wa zaka 15 kapena 16, amene anam'patsa dzina lakuti Naia. Anakhala ndi moyo zaka pakati pa 12,000 ndi 13,000 zapitazo, nthawi imene nyanja inali yotsika ndipo mapangawa anali ouma. Akatswiri akuganiza kuti analowa m'phangamo kufunafuna madzi, n'kugwera m'dzenjemo chifukwa cha mdima.

Lero zitsimezi zikubweretsa ndalama, ndipo mabanja ambiri a Amaya akupeza chakudya polandira alendo pa cenote ya pamudzi pawo. Komabe thanthwe limene limalowetsa mvula mosavuta limalowetsanso zonyansa mosavuta. Madzi a m'zimbudzi za mizinda imene ikukula mofulumira, mankhwala a m'minda ndi ndowe za ziweto, zonse zimatsikira m'madzi omwewo amene anthu amamwa. Mu 2018 ana a m'tauni ya Homún, kumene anthu amadalira alendo odzasambira, anakasuma kukhoti pofuna kuletsa khola la nkhumba 49,000 limene linamangidwa pafupi ndi kwawo. Woweruza analamula kuti ntchito ya kholalo iime, ndipo mu 2021 khoti lalikulu linagwirizana ndi lamulolo. Pa nkhani ya njanji ya Tren Maya, imene mbali yake yoyamba inatsegulidwa mu Disembala 2023, zinthu sizinatero. Pakati pa Playa del Carmen ndi Tulum mizati yachitsulo ndi simenti inakhomedwa kupyola madenga a mapanga, ngakhale kuti osambira pansi pa madzi anajambula ndi kuonetsa poyera zimene zinkachitika.

Akuluakulu amati chitsime chimadziwika kuya chikaphwa. Cha ku Yucatán sichikuoneka kuti chiphwa msanga, koma chingathe kuipa chili chodzaza, ndipo anthu a kumeneko alibe mtsinje wina wothawirako. Lamulo lija lakuti mlendo asambe kaye asanalowe m'dziwe likuchokera pamenepa. Madzi amene akusambiramowo sathera m'dzenje limene walipiralo. Amayenda pang'onopang'ono kunsi kwa nkhalango kulowera kunyanja, ndipo m'njiramo amatungidwa ndi mabanja amene mlendoyo sadzawaona n'komwe.