Msilikali akavulala pantchito: kuchokera kuchipatala kukafika pa chipepeso

Mu Novembala 2018, asilikali asanu ndi mmodzi a dziko lino anaphedwa pafupi ndi tawuni ya Beni, kum'mawa kwa dziko la DRC, pomwe ankalimbana ndi zigawenga za ADF pansi pa mbendera ya United Nations. Mmodzi mwa iwo, Private Chancy Chitete, anapatsidwa mendulo ya Captain Mbaye Diagne mu Meyi 2019 chifukwa anafa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania yemwe anali atawomberedwa. Dziko linalira, ndipo linayeneradi kutero. Koma pankhondo yomweyo asilikali ena anavulala, ndipo za ovulala sizimveka kawirikawiri. Iwo amachoka m'nkhani za pawailesi n'kulowa m'makonde a zipatala ndi m'maofesi momwe mafayilo amayenda mwapang'onopang'ono.

Si nkhondo yokha yomwe imavulaza msilikali. Ena amathyoka msana pamaphunziro ku MAFCO ku Salima, ena amagubuduzika ndi galimoto ya ntchito, enanso amavulala populumutsa anthu monga momwe asilikali anachitira m'maboma a Phalombe ndi Mulanje namondwe wa Freddy atawomba mu Malichi 2023. Tsiku lina msilikali woteroyo amatsika minibasi pa Migowi ali ndi ndodo zoyendera, akubwerera kwa makolo ake, ndipo abale amafunsa funso limodzi: nanga boma likuti bwanji? Yankho limadalira kwambiri zomwe zinalembedwa, kapena zomwe sizinalembedwe, miyezi yambiri m'mbuyomo.

Msilikali ali ndi lamulo lakelake

Choyamba kudziwa n'chakuti njira yomwe wantchito wa pa esiteti ya tiyi ku Mulanje amatsata akavulala si ya msilikali. Lamulo la Employment Act la 2000 silikhudza asilikali a nkhondo kupatula anthu wamba olembedwa ntchito m'mabaraki, ndipo lamulo la chipepeso cha ovulala pantchito la Workers' Compensation Act nalonso linawapatula. Choncho kupita kuofesi ya zantchito paboma ndi kalata ya kuchipatala n'kutaya ndalama yoyendera. Nkhani za msilikali zimayendetsedwa ndi lamulo la Defence Force Act pamodzi ndi malamulo ang'onoang'ono omwe ali pansi pake, ndipo zimadutsa mwa akuluakulu ake, kuyambira pagulu lomwe akugwirako ntchito kukafika kulikulu la MDF ku Kamuzu Barracks mumzinda wa Lilongwe.

Zolembedwa za tsiku loyamba

Funso lomwe lidzafunsidwe mobwerezabwereza ndi ili: kodi kuvulalaku kunabwera chifukwa cha ntchito? Bala lingathe kudziwonetsa lokha, koma silinena komwe linachokera. Chomwe chimanena ndi lipoti la ngoziyo lomwe mtsogoleri wa gulu amalemba, zolemba za dokotala woyamba kuona wovulalayo, komanso maumboni a anzake omwe analipo. Ngozi ikakhala yaikulu, akuluakulu amakhazikitsa kagulu kofufuza momwe inachitikira, ndipo zomwe kagulu kameneka kapeza n'zomwe zimamanga kapena kumasula nkhani ya chipepeso. Ngati kapeza kuti msilikali anali ataledzera, kapena anachoka pantchito popanda chilolezo, njira yake imavuta.

Apa ndi pomwe ambiri amadzipweteka okha. Msilikali amaphunzitsidwa kupirira, ndipo kudandaula za bondo kapena khutu pakati pa anzako kumaoneka ngati ulesi. Enanso amabisa ululu poopa kuchotsedwa pamndandanda wa opita kunja, komwe kuli ndalama zomangira nyumba. Patapita zaka zisanu bondo lija likakana kupinda, fayilo yake ya zaumoyo imakhala ilibe mzere ndi umodzi womwe wosonyeza tsiku lomwe linayamba. Zikatero dokotala sangachitire mwina koma kulemba zomwe akuona lero, ndipo kulumikiza zimenezo ndi ntchito kumasanduka mlandu wovuta.

N'chifukwa chake kuli koyenera kukaonekera kuchipatala cha mubaraki ngakhale bala likuoneka laling'ono, n'kuonetsetsa kuti tsiku, malo ndi ntchito yomwe imagwiridwa zalembedwa. Wovulala akatumizidwa kuchipatala chachikulu monga cha Zomba, cha Queen Elizabeth ku Blantyre kapena cha Kamuzu ku Lilongwe, zolemba zake zimakhala m'malo awiri, ndipo sizikumana zokha. Buku la kuchipatala, zithunzi za X-ray, kalata yotulutsira m'chipatala ndi lipoti la opaleshoni, zonsezi zijambulidwe ndipo makope ake asungidwe kunyumba kwa munthu wodalirika. Anthu a ku Phalombe omwe anaona madzi akutenga nyumba pamodzi ndi zikalata zonse mu 2023 safunika kuuzidwa ubwino wosunganso zithunzi za mapepalawa mufoni kapena kwa mbale wa kutawuni.

Pamaso pa madokotala

Chithandizo chikafika poti sichingasinthenso zambiri, msilikali amakaonekera pamaso pa gulu la madokotala lomwe asilikali amalitchula kuti medical board. Monga zimakhalira m'magulu a nkhondo omwe anatengera dongosolo la ku Britain, gululi limayankha mafunso angapo: vuto lake n'chiyani, kodi ndi lokhalitsa, lachepetsa mphamvu za thupi ndi mlingo wotani, ndipo munthuyu angagwirebe ntchito yanji. Si aliyense wokaonekera kumeneko yemwe amachotsedwa ntchito. Ena amabwerera pantchito yawo yakale, ena amapatsidwa ntchito zopepuka za muofesi, mositolo kapena zophunzitsa, ndipo ena amapezeka kuti sangathenso usilikali, n'kupumitsidwa pazifukwa za umoyo. Madokotala amapereka maganizo awo, koma chigamulo chomupumitsa munthu chimachokera kwa akuluakulu a gulu la nkhondo.

Tsiku limeneli si loonetsa chamuna. Wofunsidwa kuti "muli bwanji" n'kuyankha mwaulemu wa kwathu kuno kuti "ndili bwino, bwana" wadzichepetsera yekha mlingo wa ulumali wake. Choyenera n'kufotokoza zomwe thupi likulephera: mtunda womwe angayende asanapume, ngati angathe kunyamula ndowa ya madzi, ngati amagona usiku, ngati amamva munthu akamalankhula kumbuyo kwake. Kukokomeza nakonso n'koopsa, chifukwa madokotala akagwira bodza limodzi amakayikira zoona zonse. Ndipo chilichonse chitchulidwe, osati bala lalikulu lokha. Wothyoka mwendo pomwe bomba linaphulika angathenso kukhala ndi vuto la makutu lomwe aliyense analiiwala pothamangira kupulumutsa mwendowo.

Asanasaine pepala lililonse, msilikali aliwerenge, afunse mlingo womwe walembedwa, ndipo apemphe kope. Nthawi zambiri ndalama za ulumali zimawerengedwa kuchokera pa mlingo umenewu, pamene penshoni ndi ndalama zopumira pantchito zimayendera zaka zomwe munthu wagwira ndi malipiro ake. Ziwirizi n'zosiyana, ndipo kulandira chimodzi sikutanthauza kuti chinacho chalowa momwemo. Pofunsa kuofesi yoona za malipiro, ndi bwino kufunsa chilichonse pachokha.

Ovulala ali kunja

Asilikali a Malawi akhala ali m'gulu la Force Intervention Brigade la MONUSCO kuyambira 2013, ndipo ovulala pantchito ya United Nations ali ndi njira ina yowonjezera. Bungweli limapereka chipepeso kwa omwalira ndi olumala pantchito yake. Ndalama ya womwalira inali madola 70,000 a ku America kuyambira 2010, ndipo inakwezedwa kufika pa madola 77,000 mu Julayi 2018. Wolumala amalandira gawo la ndalamayi molingana ndi mlingo wa ulumali wake, womwe madokotala a bungweli amauwerengera potsata buku la American Medical Association. M'bukuli, kuduka mwendo wonse kumawerengedwa ngati 40 peresenti ya thupi, pomwe kuduka mkono wonse ndi 60 peresenti. Motero woduka mwendo wonse angayembekezere madola 30,800, ndipo woduka m'munsi mwa bondo amalandira yocheperapo.

Chomwe mabanja ambiri sadziwa n'chakuti msilikali sangalembere yekha ku New York. Pempho limaperekedwa ndi boma lake kudzera ku ofesi ya kazembe wa dzikolo ku United Nations, ndipo ndalama zikatuluka zimapita kuboma kuti lipereke kwa mwini wake. Bungweli linadziikira lokha miyezi itatu yomalizira pempho lomwe lafika ndi mapepala okwanira, koma mapempho ambiri amachedwa chifukwa chosowa lipoti lomaliza la dokotala. Choncho funso loyenera kufunsa kulikulu si lakuti "ndalama zanga zili kuti", koma lakuti pempho linatumizidwa liti, ndipo ngati silinatumizidwe, likudikira pepala liti. United Nations imakana kulipira ngati vutolo linalipo kale munthu asanapite, kapena ngati linabwera chifukwa cha kusasamala kwakukulu ndi kuphwanya malamulo mwadala.

Tisasokoneze ntchito ziwiri za ku DRC. Gulu la SAMIDRC, lomwe linayamba kutumizidwa mu Disembala 2023 ndipo asilikali atatu a dziko lino anaphedwa ali m'gululi mu Januwale 2025, linali la SADC. Mitengo ya United Nations yomwe tatchulayi siikhudza ovulala m'gulu limenelo.

Mabala osaoneka

Pali msilikali wobwerera ndi ziwalo zonse koma wosagona, wodzidzimuka chitseko chikamenyetseka, wokwiya msanga, womwa mowa kuposa kale. Kumudzi amati wabwerako ndi mizimu ya anthu omwe anaphedwa kunkhondo, ndipo amayamba kumuyendetsa kwa asing'anga ndi m'mapemphero. Madokotala amalitcha vutoli PTSD, ndipo United Nations imalandira mapempho a chipepeso cha matendawa. Koma sangawerengedwe popanda kalata ya katswiri wa matenda a maganizo. Kwa munthu wa ku Migowi, chipatala cha Zomba Mental ndicho chili pafupi, pomwe a St John of God amathandiza ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Kukaonana ndi akatswiriwa msilikali asanapumitsidwe kumathandiza kwambiri, chifukwa vuto lolembedwa munthu akadali m'yunifolomu silivuta kulilumikiza ndi ntchito.

Moyo wa pa Migowi

Kupuma pantchito kumatanthauza kutuluka m'nyumba ya mubaraki ndi kutalikirana ndi chipatala chomwe chimadziwa mbiri ya balalo. Mwayi womwe ulipo tsopano n'ngwakuti chipatala cha boma la Phalombe, chomwe chinatsegulidwa mu 2022, chili pa Migowi pomwepo, kuwonjezera pa cha mishoni cha Holy Family chomwe chakhala chikuthandiza anthu a m'bomali kwa zaka zambiri. Komabe miyendo yochita kupanga imapezeka ku Queen Elizabeth, ku Kamuzu Central ndi ku Mzuzu Central, ndipo ophunzira kuyendanso pambuyo povulala msana amatumizidwa ku Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre. Mwendo wopanga sukhala mpaka kalekale. Umatha, ndipo chitsa cha mwendo chimasintha kukula kwake, kotero asanachoke mubaraki munthu afunse kuti adzalipira ndani ukafuna kusinthidwa, ndipo yankho likhale lolembedwa.

Msilikali wopuma ali ndi ufulu wonse wa anthu aulumali pansi pa lamulo la Persons with Disabilities Act la 2024, lomwe linakhazikitsa bungwe la MACODA m'malo mwa MACOHA. Palinso bungwe la asilikali akale la VELOM, lomwe anthu ambiri amalikumbukira mu Novembala mokha akaona timaluwa tofiira pachifuwa cha akuluakulu a boma. Phindu lake lalikulu kwa wovulala ndi anthu omwe anadutsa kale m'maofesi omwewo ndipo amadziwa khomo loyenera kugogoda.

Ngati simukukhutira

Msilikali yemwe akadali pantchito amayamba kudandaula kudzera mwa mtsogoleri wake, ndipo dandaulolo limakwera ngati silinayankhidwe. Lilembedwe, likhale ndi tsiku, ndipo wolandira asaine pakope. Gawo 43 la malamulo oyendetsera dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu woti chigamulo cha ofesi ya boma chomwe chikumukhudza chikhale chachilungamo, komanso kuti apatsidwe zifukwa zake molemba. Yunifolomu siichotsa ufulu umenewu.

Zam'kati zikakanika, ofesi ya Ombudsman imalandira madandaulo a kuchedwetsa ndi kupondereza m'maofesi a boma popanda malipiro, ndipo bungwe la Legal Aid Bureau limapereka maloya kwa osowa ndalama. Chofunika kusamala nacho ndi nthawi. Pempho loti khothi lalikulu liunikenso chigamulo cha ofesi ya boma liyenera kuperekedwa pasanathe miyezi itatu chigamulocho chiperekedwere, ndipo mlandu wofuna chipepeso cha kuvulala kwa thupi uli ndi malire a zaka zitatu. Malonjezo apakamwa akuti "bweraninso mwezi wamawa" sayimitsa masiku amenewa, choncho wolandira kalata yomupumitsa yomwe sakugwirizana nayo akaonane ndi loya sabata yomweyo, atanyamula kalatayo, lipoti la madokotala ndi chitupa chake cha unzika.