Caka Codikira: Mbiri ya Njira Yopita ku Udokotala

Mayeso a Giredi 12 amatha kumapeto kwa caka, mvula ili pafupi kugwa. Zotsatira zimabwera cimanga citakula kale, ndipo kwa ambiri pamapita miyezi yambiri, mwina caka cathunthu, asanaponde pakhomo la koleji kapena yunivesite. Mnyamata kapena mtsikana wa kwa Zingalume, kwa Mlolo kapena kwa Mwangala amene mtima wake uli pa udokotala amabwerera kumudzi ndi thumba la mabuku, nayamba kudikira. Azungu nyengo yotere amaicha gap year, ndipo kwao munthu amasankha yekha kuti apume caka. Kuno kwathu sitinasankhe ai. Kudikira kumeneku kuli ndi mbiri yake, ndipo ndi yaitali kuposa dziko la Zambia.

Tiyambire pafupi. Amishoni a Dutch Reformed Church ocokera ku Orange Free State anafika ku Magwero mu 1899, ndipo mu 1908 anatsegula mishoni ya Nsadzu, m'dera limene lero ndi boma la Chadiza. Pambuyo pake Nsadzu inadziwika kutali cifukwa cosamalira odwala khate. A Seventh-day Adventist anayamba nchito ya cipatala ku Mwami mu 1927, ndipo cipatala ca St Francis ku Katete cinayamba mu 1948. M'malo onsewa dokotala, ngati analipo, anali mzungu mmodzi kapena awiri. Nanga zilonda ankatsuka ndani? Ankawiritsa majekeseni ndani? Ankamasulira ndani pamene gogo akufotokoza za litsipa ndi msana? Anali ana a m'midzi yomweyi, amene anafika Sitandade 4 kapena Sitandade 6 napeza kuti sukulu yathera pomwepo. Ena analowa poganiza kuti adzangothandiza caka cimodzi podikira mwai wa maphunziro, koma anakalambira momwemo. Anadziwa mankhwala ndi matenda kwambiri, kotero kuti anthu ankawachula kuti adokotala, koma pepala la udokotala sanaligwire. Nzeru anali nazo. Khomo ndi limene kunalibe.

Amene anafunitsitsa pepala limenelo anayenera kucoka kwao. Tamverani za mnyamata wina Mcewa wa ku Kasungu, tsidya lino la Malawi, dzina lake Hastings Kamuzu Banda. Za ulamuliro wake tizisiye, ndi nkhani ina. Pano tikuona ulendo wake wa sukulu. Ca m'ma 1915 ananyamuka wapansi kulowera kum'mwera. Anaima ku Hartley, mzinda umene lero ndi Chegutu ku Zimbabwe, napeza nchito yosesa m'cipatala. Kucoka apo anapita ku South Africa, kumene anagwira nchito pa migodi pafupi ndi Johannesburg, akuwerenga madzulo ataweruka. Mu 1925 mpingo wa African Methodist Episcopal unamthandiza kupita ku America. Anayambanso sekondale ku Wilberforce ali bambo wamkulu kale, natenga digiri ku Chicago mu 1931, ndipo udokotala anaumaliza ku Meharry Medical College mu 1937. Ngakhale pamenepo sizinathe, pakuti boma la Britain silinkalola pepala la ku America m'maiko ake, ndipo anapitanso ku Edinburgh mpaka 1941. Werengani nokha: kucokera pa tsache la ku Hartley kufika pa pepala la ku Meharry panapita zaka zoposa 20. Sanali woyamba. Daniel Sharpe Malekebu wa ku Chiradzulu anamaliza pa Meharry pomwepo mu 1917.

M'masiku a Northern Rhodesia munalibe sukulu ya madokotala m'dziko lino. Boma linkaphunzitsa othandiza dokotala ku Lusaka, koma wofuna udokotala weniweni anayenera kupeza malo ku Makerere ku Uganda, ku Durban, kapena kutsidya la nyanja, ndipo poyamba anayenera kudutsa pa sekondale monga Munali, kumene malo anali owerengeka. N'cifukwa cake pa ufulu mu 1964 dziko lonse linali ndi anthu akuda a digiri pafupifupi 100 okha, m'maphunziro onse pamodzi.

Yunivesite ya Zambia inatsegulidwa mu 1966, ndipo madokotala ake oyamba, okwana 23, anaturuka mu 1973. M'zaka zomwezo boma linamanga masekondale m'maboma ambiri, Chadiza nayenso analandira yake. Kwa nthawi yoyamba mwana wa mlimi wa nshawa anatha kuona njira yocokera pakhomo la amai ake kufika ku Ridgeway, pafupi ndi University Teaching Hospital, popanda pasipoti.

Koma posakhalitsa boma linaika cinthu cina pakati pa sekondale ndi yunivesite. Capakati pa zaka za m'ma 1970, nkhondo ya ku Rhodesia ili mkati, boma la Dr Kenneth Kaunda linalamula kuti aliyense womaliza Fomu 5 apite ku Zambia National Service. Anyamata ndi atsikana omwe anabvala yunifomu, naphunzira kuguba ndi kugwira mfuti, kenaka natumizidwa kukalima m'makampu, monga wa Chiwoko ku Katete. Nyengo yonse inali miyezi 20, ngakhale osankhidwa ku yunivesite ankamasulidwa msanga. Funsani aphunzitsi akale kapena akulu a mpingo amene anapitako, mudzamva nkhani ziwiri. Ena adzati kumeneko ndi kumene Mcewa anagona cipinda cimodzi ndi Mlozi ndi Mbemba, nadziwa kuti dziko ndi limodzi. Ena adzakumbuka njala, madzi oipa ndi mabuku amene anaiwalika. Zonse ziwiri ndi zoona. Ca m'ma 1980, matenda a tayifodi atabuka mu kampu ya ku Luapula ndi kupha ena mwa acinyamata, lamulo lokakamiza linathetsedwa.

Lamulo linatha, koma kudikira kunatsala. Cuma citabvuta m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, yunivesite inkatsekedwa kawirikawiri cifukwa ca zionetsero ndi sitalaka, ndipo kalendala yake inasokonezeka. Omaliza Giredi 12 anacuruka, malo sanacuruke. Kwa zaka zambiri sukulu ya madokotala inali imodzi yokha m'dziko lonse, ndipo njira yake inali yopapatiza kawiri: uyambe walowa mu School of Natural Sciences ndi mapointi ocepa, kenaka ulimbane ndi anzako mazana kuti ukhale mwa ocepa otengedwa ku udokotala. Ulendo wonse unali zaka 7. Sukulu yaciwiri ya boma inadzatsegulidwa ku Ndola mu 2011 pansi pa Copperbelt University, ndipo zina zatsatira, monga ya Mulungushi ku Livingstone, Levy Mwanawasa Medical University ku Lusaka, ndi za anthu wamba zolipiritsa ndalama zambiri.

Tsono apa mpofunika kunena mosabisa, cifukwa ena a inu mumawerenga malangizo a ku America pa foni. Kumeneko munthu amalowa sukulu ya udokotala atatenga kale digiri yoyamba. Osankha amawerenga kalata imene iye walemba za moyo wake, amafuna makalata a umboni, amawerengera maola amene wathandiza m'cipatala, ndipo amamuitana kukaceza naye. Kwa iwo caka cothandiza odwala cimalemera pa sikelo. Kuno sikelo ndi ina. Coyamba cimene amayang'ana ndi pepala la Examinations Council of Zambia: Cizungu, Masamu, Biology, ndi Science kapena Chemistry ndi Physics. Giredi 1 ndi 2 ndizo zapamwamba, 5 ndi 6 ndi credit cabe, ndipo pa mpikisano wa udokotala credit yekha sapita nawe patali. Munthu angathe kukankha njinga ya odwala caka conse ndi mtima woyera, koma ngati Masamu ali pa 7, khomo silitseguka. Amene pepala lake ndi lofooka, nchito yake yaikuru m'caka codikira ndi kulembetsa mayeso a GCE, amene amalembedwa pakati pa caka, ndi kukhala pansi ndi mabuku monga ngati akali pa sukulu. Amene pepala lake ndi labwino asanyade, pakuti Chemistry ya caka coyamba ku yunivesite siidikira munthu amene wakhala miyezi 12 osatsegula buku. Pali cinanso: bungwe lopereka ngongole za maphunziro, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2016, limalandira makamaka amene amaliza Giredi 12 m'zaka zocepa zapitazi. Caka cimodzi cikasanduka zinai, pakati pa ganyu wa soya, malonda a kumalire a Mozambique, mowa kapena ukwati wofulumira, mwai wa ngongole ungapitirire.

Kodi tsono kuthandiza pa kiliniki n'kutaya nthawi? Iai. Sikuonjezera mapointi, koma kumayankha funso limene mapointi sangayankhe: kodi nchito imeneyi ndingaithe? Kuyambira pa kusintha kwa zaumoyo kwa m'ma 1990, midzi yathu ili ndi makomiti a zaumoyo, ndipo anamwino amafuna manja pa tsiku la sikelo ya ana, pa katemera ndi pogawa maneti a udzudzu. Amene waima m'mawa wonse pakati pa amai ndi ana olira, nalemba makadi mpaka dzanja kuwawa, naona mwana wa malungo akufika mocedwa pa ngolo, amadziwa za udokotala zimene mafilimu saonetsa. Wina amaturukamo atalimba mtima. Wina amazindikira kuti magazi sangawapirire, ndipo ndi bwino kuzindikira zimenezi ku Chadiza kusiyana ndi ku Ridgeway makolo atagulitsa kale ng'ombe. Winanso amaona kuti unamwino kapena nchito ya clinical officer, imene kwa zaka zambiri inkaphunzitsidwa ku Chainama, ndiyo yomuyenera.

Anthu ena amanyoza wothandiza wotere kuti akungofuna makwerero. Pa nkhani imeneyi pali umboni wocokera m'dziko lathu lomwe. Mu 2010 Unduna wa Zaumoyo unayamba kulemba omaliza Giredi 12 a m'midzi kuti akhale Community Health Assistants, ndipo gulu loyamba linaphunzira caka cimodzi ku Ndola kuyambira 2011. Akatswiri ofufuza, pakati pao Nava Ashraf ndi Oriana Bandiera, anagwirizana ndi undunawo kuti m'maboma 48 mupacikidwe zikwangwani za mitundu iwiri. M'maboma ena cikwangwani cinkanena za kuthandiza mudzi wako. M'maboma ena cinkanena za mwai wokwera n'kudzakhala namwino kapena clinical officer. Ambiri ankaopa kuti cikwangwani caciwiri cidzakopa odzikonda. Atayamba nchito, amene anabwera ndi cikwangwani caciwiri anayendera mabanja ocuruka ndi 29 pa 100 alionse kuposa anzao, ndipo m'midzi yao ana onyentchera anacepa.