Mbiri ya Tikiti ndi Koloko ya pa Nchito

Makolo akale sanali kuwerenga maora. Mlimi anali kuyang'ana dzuwa, ndipo khama lace linali kuoneka m'nkhokwe. Koma pamene munthu anayamba kugulitsa tsiku lace kwa wina, panafunika mboni yotsimikiza kuti nchito yagwiridwadi.

Ku America mboniyo inakhala makina. M'caka ca 1888 Willard Bundy, wa mu mzinda wa Auburn ku New York, anapanga koloko yodinda nthawi. Wanchito aliyense anali ndi kiyi ya nambala yace; akailowetsa m'kolokomo, nambalayo ndi nthawi yofikira zinali kudindika pa pepala. Mu 1894 Daniel Cooper anabweretsa koloko yodinda pa khadi. Kampani imene inadzagwira malonda a makolokowa inaphatikana ndi ena mu 1911, ndipo mu 1924 onsewo anatenga dzina la IBM.

Ku migodi ya Northern Rhodesia mboni ya munthu wakuda inali tikiti ya masiku 30. Tsiku lililonse logwira nchito woyang'anira anali kuikapo cizindikiro, ndipo malipiro anali kutuluka tikiti ikadzaza. Masiku opuma ndi ojomba sanali kulowamo, kotero mwezi wa tikiti unali kutalika kupambana mwezi wa kumwamba. Ku Joni, kumene ambiri anapita ndi Wenela, wobowola mwala akalephera kufika pa muyeso anali kupatsidwa tikiti ya ulova, ndipo thukuta la tsikulo silinali kuwerengedwa.

Tikitiyo inadzabala mlandu waukuru. Eni migodi ya kopa anayamba kucotsa makalaliki ndi akapitao ena pa tikiti ndi kuwaika pa malipiro a pamwezi, pansi pa bungwe la Mines African Staff Association. Bungwe la African Mineworkers' Union, limene Lawrence Katilungu analitsogolera kuyambira 1949, linaona kuti likulandidwa anthu ace ophunzira. Mu 1956 sitalaka inayenda mgodi ndi mgodi, kufikira mu September pamene boma linalengeza lamulo la nthawi ya ngozi ndi kumanga atsogoleri ambiri a bungwelo.

Masiku ano m'malo ambiri a nchito muli makina ozindikira cala kapena nkhope ya munthu. Komabe bvuto lakale likalipo: kaundula wa masiku amasungidwa ndi wolemba nchito, pamene cakudya ca banja la wanchito cidalira kuti kaundulayo akhale woona.