Njoka za m'mimba mwa nkhosa: mmene alimi anabwererera ku zomera

Masiku ano tikumva zambiri za zitsamba zosakaniza m'chakudya cha nkhosa kuti zithane ndi njoka za m'mimba, ndipo ena akuzikamba ngati nzeru yatsopano. Ndati tione kumene nkhaniyi yachokera, makamaka ku South Africa kumene nkhosa ndi chuma chenicheni.

Mdani wamkulu kumeneko ndi kanyongolotsi kotchedwa Haemonchus contortus. Kutalika kwake ndi masentimita awiri kapena atatu basi, koma kamakanirira m'chifu cha nkhosa n'kumayamwa magazi, ndipo kakakazi kamaikira mazira masauzande pa tsiku. Nkhosa imafooka, kukhosi kumatupa, kenako mwaipeza yafa.

Kale alimi a m'maiko ambiri ankadalira zomera ndi poizoni. Fodya anali m'gulumo: nikotini wake ankamusakaniza ndi mankhwala a kopa n'kumwetsa nkhosa. Ku Onderstepoort, malo ofufuzira matenda a ziweto amene Arnold Theiler anatsegula mu 1908 pafupi ndi Pretoria, Frank Veglia anafotokoza mu 1915 mmene nyongolotsiyi imaswanirana. Mankhwala amene boma linkagawa pambuyo pake anali a kopa ndi arsenic. Mukapyoza muyeso pang'ono, nkhosa inkafa limodzi ndi njokazo. Amene amati zakale zonse zinali zabwino azikumbukira zimenezi.

Kenako kunabwera mankhwala a m'fakitale: phenothiazine cha m'ma 1940, thiabendazole mu 1961, ivermectin mu 1981. Anali amphamvu ndiponso osaopsa kwa chiweto, choncho alimi ankamwetsa khola lonse pafupipafupi, yodwala ndi yosadwala yomwe. Apa ndi pamene panalakwika. Nyongolotsi zochepa zimene sizinkafa ndi zimene zinkatsala n'kuswana, ndipo ana ake ankatengera kulimbako. Aphunzitsi a Biology, chitsanzo cha natural selection ndi chimenechi, musavutike kufuna china. Pofika 1964 ku America anali ataona kale kuti thiabendazole wayamba kulephera. Ivermectin sanathe n'komwe zaka 10: chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 analephera m'mafamu ena a ku South Africa.

Mayankho anabwera awiri. Loyamba ndi khadi la FAMACHA, lotchulidwa dzina la dokotala wa ziweto Faffa Malan, lomwe linakonzedwa m'zaka za m'ma 1990. Lili ndi mitundu isanu, kuyambira kufiira mpaka kuyera. Mumatsitsa chikope cha nkhosa n'kuyerekeza ndi khadilo, ndipo mankhwala mumapatsa zokhazo zimene magazi achepa. Ine ndimaikonda njirayi chifukwa siifuna labotale.

Lachiwiri ndiye zomera zija, koma zinabwerera mwa mtundu wina. Sizinabwere ngati poizoni womwetsa kamodzi, zinabwera ngati chakudya. Ku New Zealand m'zaka za m'ma 1990 anaona kuti ana a nkhosa odya chomera cha sulla ankakula bwino ngakhale ali ndi njoka. M'zaka za m'ma 2000 ofufuza a ku Fort Valley State University ku America anayesa sericea lespedeza, chomera cha m'gulu la nyemba chochokera kum'mawa kwa Asia, chimene alimi a ku South Africa amalimanso. Mazira a njoka m'ndowe anachepa. Chinsinsi chake ndi tannin, chinthu chija chimamanga m'kamwa mukaluma nthochi yaiwisi.

Koma taonani bwino mawu akuti "anachepa". Chomerachi sichimaliza njoka zonse, ndipo mukasiya kudyetsa mazira amachulukanso. Si tsamba lililonse lowawa limene limagwira ntchito yomweyo, ndipo fodya uja angakupherani chiweto. Inu amene mukuweta nkhosa kapena mbuzi kumudzi, wina akabwera ndi paketi ya zitsamba, mufunseni kuti muli chomera chanji ndipo anachiyesa kuti. Ndipo mukatsitsa chikope n'kupeza m'kati mwayera, musadikire masamba, itanani alangizi a ziweto tsiku lomwelo.