Mkangano wa Malamulo ndi Nthano pa Tebulo la Masewera

Ku America ndi ku Ulaya kuli masewera ena otchuka omwe safuna bwalo, mpira kapena kompyuta. Anthu anayi kapena asanu amakhala mozungulira tebulo ali ndi mapepala, mapensulo ndi madayisi. Aliyense amasankha mtengambali mmodzi, kaya msilikali, mbala kapena wamatsenga, ndipo amamuyankhulira ndi kumuganizira. Koma mmodzi wa iwo satenga mtengambali. Ntchito yake ndi kusimba zimene anzakewo akukumana nazo. Amatha kunena kuti, "Mwafika pa mlatho wothyoka, ndipo kutsidya kukumveka kulira kwa mwana." Wosewera wina akati iye alumpha, amaponya dayisi, ndipo nambala imene yagwa ndiyo imanena ngati wafika kutsidya kapena wagwera m'madzi.

Masewera otere ali ndi makolo awiri osagwirizana. Mbali ina amafanana ndi nthano ya madzulo, m'mene wosimba ali ndi ufulu wokhotetsa nkhani monga afunira. Mbali ina amafanana ndi bawo, m'mene lamulo silikomera munthu ngakhale akhale mfumu. Tsono wosewera uja akafika pa mlatho, agamule ndani, buku la malamulo kapena pakamwa pa wosimba? Funso limeneli lakhala likuzunguza anthu kwa zaka 200, ndipo lidayamba ndi asilikali.

M'chaka cha 1812, mu ufumu wa Prussia, womwe likulu lake linali Berlin, mkulu wina wotchedwa Georg Leopold von Reisswitz adapereka kwa Mfumu Friedrich Wilhelm III tebulo loyeserera nkhondo. Mwana wake, yemwe anali msilikali wa mizinga, adakonza masewerawa bwinobwino ndi kuwasindikiza mu 1824. Adawatcha Kriegsspiel, kutanthauza masewera a nkhondo. Ankaseweredwa pa mapu enieni, ndipo timiyala tofiira ndi tabuluu tinkaimira magulu a asilikali. Kusuntha kulikonse kunkaimira mphindi ziwiri za nkhondo. Chinthu chatsopano kwambiri chinali woweruza. Mbali ziwiri zolimbanazo zinkalemba malamulo awo pa pepala ndi kupereka kwa iye, ndipo iye yekha ndiye ankadziwa zonse zochitika pa mapupo. Mbali iliyonse ankaiuza zokhazo zimene asilikali ake akadaona ndi maso. Magulu akakumana, ankaponya dayisi ndi kuyang'ana mu ndandanda wa manambala kuti adziwe chiwerengero cha ophedwa. Munthu ameneyu ndiye gogo wa wosimba wa lero.

Prussia itagonjetsa France pa nkhondo ya 1870 mpaka 1871, maiko ambiri adayamba kutengera Kriegsspiel. Komatu kwawo komweko akuluakulu a asilikali anali atatopa nawo. Malamulo ndi mindandanda zinali zitachuluka kotero kuti kuwerengera nkhondo ya mphindi zochepa kunkadya nthawi yaitali, ndipo ofuna kukhala woweruza ankasowa. Mu 1876 msilikali wina wodziwika, Julius von Verdy du Vernois, adalemba buku losonyeza njira ina. Iye adati madayisi ndi mindandanda ziikidwe pambali, ndipo woweruza azigamula potengera nzeru zake ndi zomwe adaziona yekha kunkhondo. Masewera adayamba kuyenda msanga ndi kusangalatsa. Koma njirayi inali ndi vuto lake. Inkadalira kupeza woweruza wodziwadi nkhondo ndiponso wolemekezeka, popeza wogonja analibe buku loti aloze nati, "Apa mwandilakwira." Kuyambira pamenepo padakhala mitundu iwiri ya Kriegsspiel, wa malamulo okhwima ndi womasuka.

Masewera a nkhondo adatuluka m'misasa ya asilikali ndi kulowa m'nyumba za anthu wamba. Mlembi wa ku England, H. G. Wells, adasindikiza malamulo osewerera ndi tizidole ta asilikali mu 1913, m'buku lotchedwa Little Wars. Pofika m'zaka za m'ma 1960 kunali timagulu tambiri ta achinyamata ochita masewera otere ku America.

M'kagulu kena ka ku Minnesota, chakumapeto kwa zaka zimenezo, mudachitika chinthu chomwe palibe adachiyembekeza. Mnyamata wina, David Wesely, adakonza nkhondo ya m'nthawi ya Napoleon yolimbirana tauni yopeka ya ku Germany yotchedwa Braunstein. Nkhondo isanayambe, adapatsa wosewera aliyense udindo wa munthu mmodzi wa m'tauniyo: wina meya, wina mwini banki, wina mkulu wa sukulu yaukachenjede, ena ophunzira. Aliyense anali ndi zolinga zake zachinsinsi. Osewerawo adatengeka ndi maudindo awo mpaka kuiwala nkhondo. Ankanong'onezana m'makona, kupangana ziwembu ndi kunamizana. Awiri adafika poitanirana ndewu ya malupanga, ndipo popeza panalibe lamulo la ndewu yotere, Wesely adalipeka pomwepo. Iye adapita kwawo akuganiza kuti zonse zasokonekera, koma anzakewo adapempha kuti adzasewerenso. Atakonzanso masewerawa mowakhwimitsa kuti chisokonezo chija chithe, osewera sadakondwere nawo monga poyamba. Chimene iye adachiyesa kulephera ndicho anthu adachikonda.

Mmodzi wa osewera aja, Dave Arneson, adatenga nzeruyi mu 1971 ndi kuisamutsira ku dziko lopeka lotchedwa Blackmoor, la malupanga, matsenga ndi zilombo za m'mapanga. Pa ndewu adabwereka malamulo a Chainmail, omwe adalembedwa ndi Gary Gygax ndi Jeff Perren chaka chomwecho. Arneson atasonyeza Gygax masewerawa, awiriwa adagwirizana, ndipo mu 1974 kampani yaing'ono ya TSR, ya m'tauni ya Lake Geneva ku Wisconsin, idasindikiza Dungeons & Dragons. Anali timabuku titatu m'kabokosi, pa mtengo wa madola 10, ndipo poyamba adasindikiza mabokosi 1,000 okha. Malamulo ake anali ndi mipata yambiri, ndipo olembawo adalimbikitsa woweruza kuti zosowekazo azigamula yekha. Motero gulu lililonse linkasewera mwa njira yakeyake.

Gygax sadakhutire nazo. Ankafuna kuti wosewera wochoka m'tauni ina apeze malamulo omwewo kulikonse, makamaka pa mipikisano. Pakati pa 1977 ndi 1979 adatulutsa mabuku atatu akuluakulu a Advanced Dungeons & Dragons, ndipo la woweruza lokha linali ndi masamba oposa 200. Munali manambala osonyeza liwiro la chida chilichonse ndi m'mene chimabowolera chovala chankhondo cha mtundu uliwonse. Zimene zidaonekera asilikali a ku Prussia zidaonekanso: nkhani inkaima pamene chilombo chatsegula kukamwa, anthu ali kalikiliki kutsegula masamba. Magulu ambiri ankangolumpha malamulo otopetsawo.

Tisafulumire kuganiza kuti wosimba akapatsidwa mphamvu zonse zinthu zimakoma. Mu 1984 kampani yomweyo idayamba kutulutsa nkhani za Dragonlance, zolembedweratu kuyambira pachiyambi mpaka kumapeto. Zinali nkhani zokoma ndithu, ndipo zidagulidwa kwambiri. Koma munali lamulo lakuti atengambali ena ofunika asafe nthawi yawo isanakwane. Akaphedwa, mtembo wawo usapezeke, kuti adzatulukirenso kutsogolo. Osewera ena adadandaula kuti akhala ngati okwera sitima yapamtunda, yomwe imapita kumene njanji yaloza ngakhale wokwera afune kwina. Mu 1991 kudabwera Vampire: The Masquerade, masewera a Mark Rein-Hagen, omwe adatcha woweruza kuti Storyteller, ndiye kuti wosimba nkhani, ndi kumuuza poyera kuti akhoza kutaya lamulo lililonse lotsekereza nkhani yabwino. Masewerawa adakopa anthu ambiri omwe sankakonda masamu a nkhondo. Komabe funso lidatsala: yabwino kwa yani?

Apa ndi pamene pagona nkhani. Oweruza ambiri amaponya madayisi awo kuseri kwa kachikatoni kotchinga, kuti osewera asaone zinsinsi zawo. Taganizani tsono kuti mnzanu wasewera ndi mtengambali mmodzi kwa chaka chathunthu, ndipo usiku wina dayisi yagwa moti mtengambaliyo afe ndi muvi wa mlonda wamba. Palibe waona nambalayo koma inu nokha. Kodi munene zoona, kapena munene kuti muvi waphonya? Ambiri amanama chifukwa cha chifundo, ndipo sindingawaweruze mwankhanza. Koma tsiku limene mnzanuyo adzazindikire kuti simungalole kuti afe, mlatho wothyoka uja sudzamuopsanso, ndipo kuulumpha sikudzakhalanso kulimba mtima. Ine ndiona kuti ntchito yaikulu ya dayisi ndi kuteteza osewera ku zofuna za wosimba, ndiponso kuteteza wosimbayo ku chifundo chake chomwe. Dayisi imabweretsa zinthu zimene palibe aliyense pa tebulopo akadasankha.

Olemba masewera a m'zaka zaposachedwa adayesa kuleka kusankha pakati pa mbali ziwirizi, nayamba kulemba malamulo obala nkhani. Chitsanzo chodziwika ndi Apocalypse World, masewera a Vincent Baker a mu 2010. M'menemo wosimba saponya dayisi konse, ndipo buku limamuletsa kukonzeratu mathero a nkhani. Wosewera akachita chinthu choopsa amaponya madayisi awiri a mbali zisanu ndi imodzi, ndi kuwonkhetsapo nambala ya luso la mtengambali wake. Akapeza 10 kapena kuposa, wapambana. Akapeza 6 kapena kucheperapo, zinthu zaipa, ndipo wosimba ndiye anene kuipa kwake. Koma akapeza 7, 8 kapena 9, zomwe zimachitika kawirikawiri, wapambana molipira mtengo. Pa mlatho uja, wosimba angati, "Wafika kutsidya, koma thabwa lathyoka ndipo ukulendewera ndi dzanja limodzi. Utaye lupanga kuti ukwere, kapena ulisunge n'kudikira thandizo pamene mwana akulirabe?" Lamulo lanena kuti pakhale mtengo, wosimba wautchula, ndipo wosankha ndi wosewera.

Njira imeneyi idatengedwa ndi masewera ena ambiri, koma siidathetse mkangano. Pamene Dungeons & Dragons idatulukanso mu 2008 ndi malamulo a ndewu olongosoka mpaka tsatanetsatane, osewera ambiri adati yasanduka masewera osuntha tizidole, ndipo mtundu wotsatira wa mu 2014 udabwezera mphamvu zambiri kwa wosimba. Nthawi yomweyo kudabuka magulu ena ofukula timabuku ta 1974 tija, onena kuti mipata ya m'malamulo akalewo ndiyo inali ubwino wake. Mfundo yawo, yakuti chigamulo cha woweruza wanzeru chimaposa buku lalikulu, ndi yomwe Verdy du Vernois adapereka kwa asilikali anzake mu 1876.