Fotokope m'Malire a Mchinji ndi Magetsi Osayenda

Kuyambira nthawi ya atsamunda, pamene Mchinji inkatchedwa Fort Manning ndipo Chipata inkatchedwa Fort Jameson, malire a Malawi ndi Zambia akhala malo odya mapepala, pakuti munthu, galimoto kapena katundu sadutsa popanda chikalata, ndipo chikalata chimodzi chimafunidwa m'maofesi angapo. Kwa zaka zambiri makalaliki ankachulukitsa zikalata ndi kaboni, pepala lopyapyala lopakidwa utoto lomwe ankalilowetsa pakati pa mapepala awiri kuti zolembedwa pamwamba zituluke ndi pansi pomwe. Koma kaboni sakanatha kutengera chidindo chodindidwa kale kapena nkhope ya pa pasipoti. Vuto limeneli ndi lomwe linatsegulira njira malonda a fotokope.

Makina a fotokope amadalira magetsi osayenda, kutanthauza mphamvu ya magetsi yomwe imaunjikana pamwamba pa chinthu m'malo moyenda mu waya. Zinthu ziwiri zikakhulana, tinthu tosaoneka totchedwa ma elekitironi timachoka pa china n'kusamukira pa chinzake, kotero kuti china chimakhala nato tochuluka pamene china chaperewera, ndipo zinthu zosiyana chotere zimakokana. Ana asukulu amadziwa zimenezi asanaziphunzire, chifukwa akakhula bolopeni m'tsitsi amatola nayo tizidutswa ta pepala, tomwe timadumphira m'mwamba ngakhale sitinakhulidwe, popeza mphamvu ya bolopeniyo imasunthira pang'ono ma elekitironi a m'pepala mbali imodzi. Agiriki akale anaona zomwezi pa utomoni wouma wa mitengo, ndipo mu 1600 William Gilbert wa ku England anasonyeza kuti galasi ndi sulufule nazo zimatero, koma kwa zaka mazana atatu kukokanaku sikunapatsidwe ntchito yambiri yooneka.

Woyenera ulemu pa nkhaniyi ndi Chester Carlson wa ku America, yemwe ntchito yake inkafuna makope ambiri a zikalata. Pa 22 Okutobala 1938, ku Astoria mu mzinda wa New York, iye ndi womuthandiza wake anakhula ndi mpango chitsulo chopakidwa sulufule, nachiwalitsira zolemba, kenako anathirapo ufa womwe unamata pokhapo pamene kuwala sikunafike. Makampani opitirira 20 anamukana, mpaka Haloid, yomwe inadzatchedwa Xerox, inalandira nzeruyi n'kutulutsa makina a Xerox 914 mu 1959.

Makina omwe amakopa pasipoti kapena bulubuku ya galimoto lero amatsata njira yomweyo. M'kati mwake muli dilamu yozungulira yomwe imapatsidwa magetsi osayenda mu mdima. Nyali ikaunika chikalata, kuwala kochokera pa malo oyera kumachotsa mphamvuyo, ndipo imatsala pa malo a zilembo pokha, pomwe pamamata tona, ufa wakuda wosakaniza ndi pulasitiki. Pepala limapatsidwa mphamvu yoposa ya dilamu kuti lilande ufawo, kenako limadutsa pa moto wousungunula, n'chifukwa chake limatuluka lofunda. Nyengo nayo imalowererapo, pakuti m'dzinja pepala likamwa chinyezi siligwira bwino mphamvu ndipo zilembo zimatuluka zotuwa, pamene m'chilimwe mapepala ouma amamatana n'kulowa awiriawiri, zomwe zimachititsa wogwira makina waluso kuyamba wawapindapinda ndi kuwalekanitsa ndi chala asanawaike.

Mu Disembala 2022, mtsogoleri wa Malawi Lazarus Chakwera ndi wa Zambia Hakainde Hichilema anatsegula ndondomeko yoti apaulendo aziima kamodzi kokha pa malire a Mchinji ndi Mwami, ndipo zambiri za msonkho tsopano zimayenda pa kompyuta. Komabe pepala silinathe, ndipo mapulinta a leza omwe amatulutsa zikalata za m'kompyutamo ali ndi dilamu ndi tona ngati fotokope, kupatula kuti cholemba pa dilamuyo ndi kuwala kwa leza m'malo mwa nyali younika chikalata.