Kubereka pa opaleshoni: zimene zimachitika kuchipatala

Kubereka pa opaleshoni, kumene m'zipatala za kuno amakutcha cesariana, ndi kutulutsa mwana podula pamimba ndi pachiberekero cha mayi. Ena amati ndi kubereka pa mpeni, ndipo amakuopa. Koma chimene chimapha amayi ndi ana kawirikawiri si opaleshoni ayi, koma kuchedwa kufika pamene angaichite.

Mu mzinda wa Tete, opaleshoniyi imachitikira ku Hospital Provincial de Tete. Mayi wa m'bairro la Samora Machel amene wayambira ku centro de saúde amatumizidwa kumeneko anamwino akaona vuto. Ku Angónia kuli Hospital Rural de Ulónguè. M'zipatala za m'madistrito, wodula nthawi zambiri ndi técnico de cirurgia. Dziko la Mozambique linayamba kuphunzitsa akatswiri amenewa mu 1984 chifukwa cha kuchepa kwa madokotala.

Chifukwa chake n'chiyani?

Zifukwa zodziwika ndi izi: mwana wagona chopingasa kapena watsogoza matako; njira ya mayi yachepa poyerekeza ndi mutu wa mwana; matenda atenga nthawi yaitali mwana osatsika; mtima wa mwana wayamba kufooka; nsengwa yatseka khomo la chiberekero kapena yamatuka mwana asanabadwe; magazi a mayi akuthamanga kwambiri mpaka kukomoka. Nthawi zina tsiku limakonzedweratu ku consulta pré-natal, nthawi zina chigamulo chimabwera mwadzidzidzi matenda ali m'kati.

Kuvuta kwa uchembere si umboni wakuti wina m'banja anayenda kumbali. Nthawi imene achibale akufunsana zimenezo, chiberekero chikhoza kung'ambika, kapena mayi akhoza kutsala ndi fistula, matenda otaya mkodzo kosalekeza. Mankhwala azitsamba ofulumizitsa matenda nawonso angang'ambitse chiberekero.

Asanalowe m'chipinda

Dokotala amafotokoza chifukwa chake, ndipo mayi amasaina chikalata chovomera. Amamuyeza magazi, kumuika soro pamkono, ndi kapaipi kotulutsa mkodzo. Amamupatsanso mankhwala oteteza bala kuti lisaole. Ngati tsiku linakonzedweratu, amauzidwa kuti asadye kwa maola osachepera 6. Abweretse kadi lake la mimba, ndipo anene mankhwala onse amene akumwa, kuphatikizapo ma ARV ndi azitsamba. Achibale akhale pafupi, popeza angapemphedwe kupereka magazi.

M'chipinda cha opaleshoni

Amayi ambiri amabayidwa jekeseni kumsana imene imachititsa dzanzi kuyambira pansi pa mabere mpaka kumapazi. Mayi amakhala maso, amamva kukoka ndi kukankha, koma osati ululu. Akamva kuwawa anene pomwepo. Ena amachita nseru kapena kunjenjemera, ndipo zimatha. Kugonekeratu tulo amachita pokhapokha pakakhala changu chachikulu kapena jekeseni ya kumsana ikakhala yosayenera.

Nsalu imatchinga pachifuwa kuti mayi asaone. Kawirikawiri amadula chopingasa m'munsi mwa mimba, masentimita 10 mpaka 20. Mwana amatuluka m'mphindi pafupifupi 10 zoyambirira. Kenako amachotsa nsengwa, kupereka mankhwala okhwimitsa chiberekero kuti magazi asiye, ndi kusoka. Zonse zimatenga mphindi 40 mpaka ola limodzi.

Akatuluka

Dzanzi limatha pakapita maola ochepa, ndipo bala limayamba kuwawa. Kupempha mankhwala a ululu si mantha. Mwana ayamwe mwamsanga, ngati n'kotheka m'ola loyamba. Mkaka woyamba wachikasu usatayidwe. Anamwino amalimbikitsa mayi kudzuka ndi kuyenda pang'ono tsiku lisanathe kapena m'mawa mwake, kuti magazi asaundane m'miyendo. Zikayenda bwino, amatuluka pakatha masiku 3 kapena 4, atauzidwa tsiku lodzaonetsa bala.

Kunyumba

Thupi limafuna masabata 6 kapena kuposerapo. Pa nthawiyi mayi asasenze madzi, asasinje, asanyamule chinthu cholemera kuposa mwana wake. Apa amuna, apongozi ndi achemwali agawane ntchito. Tete amatentha, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, ndipo thukuta limanyowetsa bala. Lizitsukidwa ndi madzi oyera ndi sopo, lizipukutidwa mpaka kuuma, chitenje chisamangidwe pamwamba pake. Osapakapo phulusa, mafuta kapena zitsamba.

Bwererani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku, mukaona chimodzi mwa izi: kutentha thupi, mafinya kapena kutseguka kwa bala, magazi ochuluka kapena onunkha kumaliseche, mutu wowawa kwambiri kapena kuona chimbuuzi, mwendo umodzi wotupa ndi wopweteka, kubanika, kapena mwana wokana kuyamwa.

Mimba yotsatira

Chipsera cha pachiberekero chimafuna nthawi kuti chikhwime, choncho azaumoyo amalangiza kudikira pafupifupi zaka 2. Njira yolera ingasankhidwe mayi asanatuluke ku maternidade. Amayi ambiri amene anadulidwa kamodzi amatha kudzabereka mwa njira ya masiku onse, koma wogamula ndi dokotala. Aliyense amene ali ndi chipsera aberekere pachipatala chochita opaleshoni, osati kunyumba. Amene amakhala kutali afunse namwino za casa de espera, nyumba yodikirira pafupi ndi chipatala, mwezi wa 9 usanakwane.